Za Nyamakazi ya Ana ndi Nthenda ya Mtima

Anthu ambiri ayesa kuti nyamakazi ndiyo nthenda ya nkhalamba zokha, imene igwira agogo m'maondo ndi m'chiuno pa nyengo yachisanu. Koma iliponso nyamakazi ina yogwira ana, makamaka a zaka zoyambira 5 kufikira 15, ndiwo a msinkhu wa sukulu. Madotolo aitcha rheumatic fever m'Chingerezi. Nyamakazi imeneyi siikhalitsa m'mfundo za mafupa monga ichitira ya akulu. Izunza mwana masabata owerengeka, nichoka. Choopsa chake chili pa mtima, pakuti chimene iwononga m'menemo kawirikawiri sichibwereranso m'malo mwake. Ndipo chiyambi chake ndi kanthu kamene makolo ambiri sakayesa nthenda konse, ndiko kupweteka kwa pakhosi.

Nthendayi ipezeka kumidzi ndi m'tauni momwe, koma mayendedwe ake aoneka bwino mumzinda wa Lilongwe. Mzindawu unakhala likulu la dziko la Malawi m'chaka cha 1975, ndipo kuyambira pamenepo anthu akhala alikusamukirako kukafuna ntchito, kotero kuti pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu 989,318. Ambiri a iwo sakhala m'nyumba zazikulu za mipanda, iyayi. Akhala ku Kawale, kwa Biwi, kwa Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi kwa Mgona, kumene mabanja ambiri achita lendi nyumba ya chipinda chimodzi kapena ziwiri. Pamudzi mnyamata akasinkhuka apita kukagona kugowero. M'tauni malo otere asowa, ndipo ana asanu agona pa mphasa imodzi, nafunda bulangete limodzi. Pa miyezi ya June ndi July, pamene kuzizira, zitseko ndi mazenera zitsekedwa usiku wonse, ndipo mpweya umene atulutsa wina ndiwo apuma mnzake.

M'malo othithikana chotere tizirombo ta pakhosi tiyenda msanga. Dzina lake la tizirombo timeneti ndilo streptococcus. Sitioneka ndi maso, koma pansi pa galasi lokulitsa zinthu tioneka tobulungira ndi tolumikizana, monga mikanda pa ulusi. Tituluka m'malovu a munthu pamene alankhula, kutsokomola kapena kuyetsemula, nitilowa pakhosi pa wina. Tikhozanso kukhala m'zilonda za pakhungu, monga zija zibuka pa mphere zokandakanda.

Mayendedwe a nthendayi amveka bwino akatsatidwa pa mwana mmodzi. Kukhale mnyamata wa zaka 9 wa kwa Mgona. Tsiku lina abwera kusukulu thupi lili lotentha, nakana nsima, nati, "Amayi, pakhosi pakundiwawa, sindingathe kumeza." Amake amkhudza pamphumi, nati, "Ndi chimfine chabe, mwanawe, imwa madzi ofunda ugone." Amgulira panado pa okala, ndipo atapita masiku atatu kapena anayi mwana adzuka, nadya, nabwerera kusukulu. Onse ayesa kuti nkhani yatha.

Mayi ameneyu asatsutsidwe msanga. Zoonadi, kupweteka kwa pakhosi kochuluka kuchokera ku chimfine, ndipo kutha kokha. Ndiponso tsiku lokhala pamzere kuchipatala ndilo tsiku losagulitsa tomato kumsika, ndipo ufa wa madzulo uchokera m'tomato yemweyo. Koma pali zizindikiro zosiyanitsa. Chimfine chidza ndi mamina, kutsokomola ndi mawu osasa. Tizirombo ta streptococcus kawirikawiri tidza popanda chifuwa kapena mamina: thupi litentha mwadzidzidzi, kumeza kuwawa, kukhosi kufiira, nthawi zina kuoneka timawanga toyera ta mafinya, ndipo pansi pa chibwano patupa anabere owawa powakhudza. Mwana wa zizindikiro zotere ayenera kuonedwa ndi a chipatala, ngakhale ululu utayamba kuchepa, pakuti kutha kwa ululu sikutanthauza kuti tizirombo tatha.

Apa ndipo pali nthawi yoyamba yofunika kuisunga, ndiyo masiku 9. Mwana akayamba kulandira penisilini asanathe masiku 9 chiyambire kudwala pakhosi, nyamakazi ija kawirikawiri siibwera konse. Mankhwala amenewa anawatulukira Alexander Fleming m'chaka cha 1928 pa chipatala cha St Mary's ku London, ataona nkhungu ilikupha tizirombo m'kambale kake koyesera. M'chaka cha 1950 madotolo a ku America anafalitsa zimene anapeza pa asilikali a ku Fort Warren, m'chigawo cha Wyoming: asilikali odwala pakhosi amene anabayidwa penisilini pafupifupi onse anapulumuka nyamakazi, pamene mwa osabayidwa ochulukirapo anadwala nayo. Kuyambira pamenepo njira yake idziwika. Namwino abaya jakisoni mmodzi wokhalitsa m'thupi, kapena apatsa mapiritsi akumwa masiku 10 athunthu. Cholakwa chofala ndi ichi, chakuti mwana akapeza bwino tsiku lachitatu mapiritsi otsala asungidwa pa alumali kuti adzathandize mng'ono wake. Kutero ndiko kusiya tizirombo tamoyo pakhosi, ndipo mankhwala ogawa pakati sachiritsa mkulu kapena mng'ono.

Si mwana aliyense wodwala pakhosi adzagwidwa ndi nyamakazi. Mwa ana 100 amene ali ndi tizirombo timeneti osalandira mankhwala, odwala nayo kawirikawiri sapitirira atatu. Koma palibe munthu angathe kuloza atatuwo nthenda isanaoneke, ndipo mwana wa m'nyumba yothithikana adwala pakhosi kangapo pa chaka.

Tsono mnyamata wa kwa Mgona uja ali mmodzi wa atatuwo. Atapita masabata awiri kapena atatu, nkhani ya pakhosi itaiwalika, adzuka m'mawa bondo lamanzere litatupa, lotentha, lowawa kotero kuti sangathe kuponda pansi, ngakhale kulola nsalu kulikhudza. Atapita masiku owerengeka bondo liphwa, koma ululu usamukira ku kakolo. Uchokanso apo nupita pachigongono kapena pamfundo ya dzanja. Kusamukasamuka kumeneku ndiko chizindikiro chachikulu cha nthendayi, ndipo ndiko kumene kusokeretsa anthu. Agogo ake ati, "Nthenda yoyenda chotere si ya chipatala, mwanayu waponda mankhwala panjira." Amtengera kwa sing'anga, namtema mphini m'maondo. Ndipo popeza ululu wa m'mfundo utha wokha pasanathe mwezi, mphini zija zilandira chiyamiko chimene sizinagwirire ntchito. Ena ayesa malungo, namwetsa mwana mankhwala a malungo osayezetsa mwazi. Onsewa ayang'ana pa mwendo, osadziwa kuti nthenda ili m'chifuwa.

Pa ana ena, makamaka atsikana, nthendayi ionekera mwa njira ina yachilendo, imene ichedwa kufikira miyezi ingapo. Manja ndi nkhope ziyamba kugwedezeka zokha, mwana agwetsa kapu, zolemba zake m'kope zikhotakhota, ndipo akwiya kapena kulira popanda chifukwa. Akagona tulo kugwedezekako kuleka. Dotolo wa ku England, Thomas Sydenham, anafotokoza zimenezi m'chaka cha 1686. Mwana wotere sali wamwano kapena wogwidwa ndi mizimu, ndipo mphunzitsi womkwapula chifukwa cha zolemba zoipa alanga wodwala.

Nanga tizirombo ta pakhosi tiwononga bwanji mtima? Chodabwitsa ndi chakuti sitipita kumtima konse. M'mwazi wa munthu muli asilikali a thupi, amene ntchito yawo ndiyo kuzindikira tizirombo ndi kutipha. Koma chikopa cha streptococcus chifanana pang'ono ndi mnofu wa mtima, wa m'mfundo ndi wa mbali zina za ubongo. Zikhala monga mbala yolowa m'mudzi usiku itavala malaya ofanana ndi a mwini nyumba: anyamata a m'mudzi aithamangitsa, ndipo pobwera mumdima akumana ndi mwini nyumba, namkantha ndi zibonga poyesa kuti ndiye mbala ija. Mbala ikabweranso tsiku lina, anyamata aja sachedwa monga poyamba. Adzuka msanga, nakantha koposa. Chotero mwana amene anadwalapo nyamakazi kamodzi ali pangozi yoposa anzake onse, ndipo nthawi iliyonse tizirombo tikabwerera pakhosi pake mtima ulandira mikwingwirima yatsopano pamwamba pa yakale.

Mtima wa munthu ulingana kukula kwake ndi nkhonya yake, ndipo ugunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. Uli ndi zipinda zinayi ndi tizitseko tinayi topyapyala, timene titsegukira mbali imodzi yokha, kuti mwazi upite kutsogolo osabwerera. Mwana aliyense wotunga madzi pamjigo adziwa kale umo tizitseko timeneti tigwirira ntchito. M'kati mwa mjigo, pansi penipeni, muli timphira totseka madzi kuti asabwerere kuchitsime. Timphirato tikali tatsopano, munthu apopa pang'ono madzi natuluka. Tikatha, apopa nthawi yaitali, thukuta kamukamu, koma ndowa siidzala, chifukwa madzi okwera atsikanso. Ndimo uchitira mtima wolasidwa ndi nyamakazi. Tizitseko titupa, ndipo pochira titsala ndi zipsera, nitikhwinyata. Tsono sititseka bwino, mwazi nubwerera m'mbuyo. Pa ena, zitapita zaka, m'mphepete mwa kachitseko mumamatirana, khomo nilichepa, mwazi nuvutika kudutsa. Tizitseko tiwiri ta mbali ya kumanzere ndito tiwonongeka kawirikawiri, pakuti kumeneko mtima ukankha mwazi ndi mphamvu yaikulu. Kusiyana kwake ndi uku: mphira wa mjigo agula wina kusitolo, koma kachitseko ka mtima sikagulidwa chotero.

Kuwonongeka kumeneku kulibe ululu pachiyambi. Mwana athamanga, nasewera mpira, namaliza makalasi angapo wosadziwa kanthu. Dotolo akhoza kukumva poika chomvetsera pachifuwa, chida chimene anachipanga René Laennec ku Paris m'chaka cha 1816. Pakuti mwazi wobwerera pakachitseko umveka kufuula ngati mphepo yolowa pa mng'alu. Lero kulinso makina ounika mtima, amene aonetsa tizitseko tilikutseguka ndi kutseka pa galasi, ndipo aona chilema chimene khutu silinathe kuchimva. Ndi makina otere dotolo Amy Sanyahumbi ndi anzake anaunika ana 1,450 a zaka 5 kufikira 16 m'sukulu ndi m'midzi ya ku Lilongwe, nafalitsa zopeza zawo m'chaka cha 2016. Anapeza kuti mwa ana 1,000 alionse, 34 anali ndi zizindikiro za nthendayi pamtima: 7 zoonekeratu, 27 zoyamba kumene. Ana amenewa sanali ogona m'chipatala, koma oyenda ndi kuphunzira monga anzawo onse. Kutanthauza kwake, m'kalasi la ana 100, monga alili makalasi ambiri a m'tauni, mungakhale atatu otere.

Mwana amene masiku 9 aja anamdutsa sanatayike ayi. Ikhalapo nthawi yachiwiri yoisunga, ndiyo masiku 28. Akafika kuchipatala ndi mfundo zotupa, apatsidwa penisilini wopha tizirombo totsala, ndi mankhwala ochotsa kutupa monga asipirini, amene pa nthenda imeneyi atonthoza ululu msanga modabwitsa. Koma muyeso wake aunene ndi dotolo, si wapaokala. Auzidwa kugona ndi kupumula kufikira kutupa kwa mtima kutatha. Pambuyo pake ayamba kubayidwa jakisoni wa penisilini wokhalitsa, patako kapena pantchafu, masiku 28 alionse. Jakisoni ameneyu sakonza kachitseko kowonongeka. Ntchito yake ndiyo kuimitsa mbala pachipata, kuti asilikali a thupi asadzukenso. Mankhwalawa asungunuka pang'onopang'ono mumnofu, ndipo pofika sabata lachinayi atsala ochepa m'mwazi. Chifukwa chake ana ena, amene nthenda inawabwerera ngakhale anali kubayidwa, auzidwa kubwera masiku 21 alionse. Tsiku lililonse lopitirira pa tsiku loikika mwana ayenda wopanda chomtchinjiriza.

Pano pali samu yoyenera ana a sukulu. Masiku 365 ogawa ndi 28 apatsa 13. Chotero majakisoni a chaka chimodzi ndiwo 13, si 12 ayi. Ndipo wonena kuti "ndidzapita mwezi ukatha, bambo akalandira" ataya jakisoni mmodzi chaka chilichonse, nachedwa masiku awiri kapena atatu pafupifupi mwezi uliwonse. Pa zaka 10 majakisoni akwana 130. Ena abayidwa zaka 5, ena zaka 10 kapena kufikira atakula, ndipo amene tizitseko tawo tinawonongeka kwambiri apitiriza kufikira zaka 40 zakubadwa, kapena moyo wawo wonse. Woweruza za kuleka ndi dotolo yekha. Jakisoniyo awawa ndithu, pakuti mankhwala ake ali olimba ngati phala, ndipo mwana wolira pobayidwa asasekedwe. Amene thupi lake lidana ndi penisilini, natuluka zidzolo kapena kubanika atalandira, anene msanga, pakuti alipo mankhwala ena olowa m'malo.

Kodi zowawa zonsezi zipinduladi? Funso limeneli linayesedwa ku Gulu, m'dziko la Uganda, ndipo yankho linamveka m'chaka cha 2021. Ana pafupifupi 800 amene makina anawapeza ndi nthenda yoyamba kumene anagawidwa magulu awiri: ena anabayidwa masabata anayi alionse kwa zaka ziwiri, ena sanabayidwe. Mwa obayidwa, atatu okha ndiwo nthenda yawo inakula; mwa osabayidwa, 33.

Koma mnyamata uja akapanda kubayidwa, kapena akaleka pakati poona kuti ali bwino, nyamakazi ibwera kachiwiri ndi kachitatu, nthawi zina mwakachetechete, yopanda kutupitsa mfundo. Tsono pa zaka 14 kapena 18 ayamba kutsalira m'mbuyo pa mpira, nachita phuma pokwera kamtunda kochepa. Pambuyo pake mapazi ndi mimba zitupa, sangathe kugona chagada, ndipo usiku akhala tsonga kufunafuna mpweya, chifukwa mwazi wolephera kudutsa mumtima wadzaza m'mapapo. Mtima wotanuka chotero ukhoza kugunda mosalongosoka, mwazi nuundana m'kati mwake. Kachibuluma kakachoka nikakatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu afa ziwalo mbali imodzi akali wachinyamata. Ndiponso tizirombo tina, makamaka tochokera m'mano obooka ndi nkhama zotupa, tikonda kumera pa kachitseko kolemala. Chifukwa chake mwana wa nthenda iyi atsuke mano m'mawa ndi madzulo. Kwa atsikana kuli ngozi inanso. Mayi akakhala ndi pakati mwazi wake uchuluka pafupifupi ndi theka, ndipo mtima wa khomo lochepa ulephera katundu wotere. Akazi ena adziwa za nthenda yawo nthawi imeneyo, itakula kale. Mtsikana wobayidwa jakisoni ameneyu akadzakula anene za mtima wake kusikelo pa ulendo woyamba, ndipo makamaka afunse dotolo asanatenge pakati.

Zikafika pamenepa mapiritsi ochotsa madzi m'thupi athandiza kupuma, koma sabweza kachitseko. Chotsala ndi opaleshoni yotsegula chifuwa, kukonza kachitseko kapena kuikapo kachitsulo. Kwa zaka zambiri odwala a ku Malawi ofuna opaleshoni yotere anali kutumizidwa kunja, monga ku India, ndipo odikira anachuluka koposa opita. Woikidwa kachitseko kachitsulo amwa mankhwala oletsa mwazi kuundana moyo wake wonse, nayezetsa mwazi kawirikawiri. Pa dziko lonse lapansi nthenda imeneyi ipha anthu oposa 300,000 chaka ndi chaka, ndipo m'chaka cha 2018 msonkhano waukulu wa bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, unagwirizana ku Geneva kuti maiko alimbane nayo. Asaganize wina kuti ili nthenda ya anthu akuda: zaka 100 zapitazo inali kupha ana a sukulu ambirimbiri ku London ndi ku New York. Inayamba kuchepa kumeneko pamene anthu anapeza nyumba zotakasuka, penisilini asanafike. Penisiliniyo anangotsiriza ntchito.

Ku Lilongwe thandizo loyamba silili kutali. Ana a ku Kawale, kwa Biwi ndi ku Area 23 ali ndi chipatala chaching'ono cha Kawale. A kwa Mgona ndi Area 25 ali ndi cha Area 25. A kwa Chinsapo akhala pakati pa chipatala cha Bwaila ndi cha mishoni cha Likuni. Amene mtima wawo ufunika kuunikidwa atumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 1977. M'zipatala za boma salipiritsa.

Kumene majakisoni atayika kawirikawiri ndiko pa maulendo. Ana a m'tauni atumizidwa kumudzi pa tchuthi, ena abwerera kukakhala ndi agogo pamene ntchito ya atate awo yatha. Ndipo kumudzi kulibe wodziwa kuti mlendoyo ali ndi tsiku lake. Mwana wotere anyamule buku lake la kuchipatala pamodzi ndi zovala zake, ndipo atafika alionetse kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kapena ku chipatala chapafupi, tsiku lisanakwane, kuti ngati mankhwala kulibe apeze nthawi yofunsa kwina. Akadwalanso pakhosi pakati pa majakisoni awiri, asadikire tsiku lolembedwa m'buku. Apite tsiku lomwelo.